Tulo ta azakhali anga

Azakhali anga, alongo awo a bambo, sankagona masana. Kwathu ku Kaphuka ankakhala oyamba kulowa m'munda wa kachewere, ndipo ankaweruka anzawo atasamba kale. Atagwa potunga madzi n'kuthyoka chiuno, zinthu zinavuta. Ana analibe, amuna awo anamwalira kale, ine ndinkaphunzitsa kusukulu yakutali. Tinagwirizana zowapereka kunyumba ina yosamalira okalamba, kuseri kwa mapiri. Kumudzi anatinena kuti tataya munthu. Mwina n'chifukwa chake ndinkapalasa njinga Loweruka lililonse kukawaona, ndipo ndikafika ndinkafunsa chilichonse.

Ndinafunsa chifukwa chake simenti ya m'khonde sankaipaka polishi. Mayi woyang'anira nyumbayo anati akaipaka anthu aterereka. Ndinafunsa za chitsulo chimene anakhomera pakhoma la bafa, anati n'chogwirira. Mbaula ankaiyatsira panja mpaka utsi uthe, ndipo sinkalowa m'chipinda chogona. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi.

Azakhali ankagona chipinda chimodzi ndi agogo ena ochokera ku Chongoni, ochepa thupi, amene nthawi zambiri ndinkawapeza akuwodzera. Loweruka lina m'mwezi wa Juni, mphepo ikuluma makutu, ndinapeza zasinthana. Azakhali ndiwo anali pampando pakhonde, chibwano chili pachifuwa, phala litazizira m'bakuli. Ndinawagwedeza.

"Azakhali, dzuwa lili pamutu ili, mukugona?"

Anatsegula diso limodzi, n'kunditchula dzina la mayi anga, kenaka anabwereranso kutulo.

Mtsikana amene ankawasamalira tsikulo anati, "Ndi ukalamba, amayi. Kukazizira amatero."

Ndinavomera, koma ndikupalasa njinga pobwerera funso silinandichoke. Ukalamba wake uti wobwera sabata imodzi? Loweruka lotsatira ndinawapeza chimodzimodzi. Chodabwitsa china, agogo a ku Chongoni aja anali maso gwa, akuyendayenda m'khonde atagwira khoma. Ndinawakokera mpando.

"Agogo, lero ndiye mwadzuka ndi mphamvu."

"Mphamvu zake ziti, mwanawe? Tulo sitikubwera. Ndikaimirira, dziko likuzungulira. Chisinthireni malo sindinapeze mtendere."

"Mwasintha malo ati?"

"Bedi. Langa lija lili pazenera, mphepo imalowera m'mphepete, ine chifuwa. Azakhali akowa anati iwo mphepo anaizolowera, tisinthane. Tinasinthana tokha, osavutitsa ana."

Ndinalowa m'chipindamo. Pakhoma, pamwamba pa bedi lililonse, panalembedwa nambala ndi penti yofiira. Manambalawo ndinkawaona nthawi zonse koma sindinafunsepo ntchito yake. Ndinamufunsa mtsikana uja kuti mankhwala amaperekedwa bwanji. Anandionetsa thireyi ya timakapu tapulasitiki, kalikonse ndi nambala yake. Anesi ankabwera m'mawa n'kuika mapiritsi m'timakapumo, a m'mawa ankapereka okha chifukwa anthuwo ankawadziwa. A madzulo ankapereka wantchito wina amene anali atangoyamba kumene. Iyeyo ankangoona nambala ya kapu ndi nambala ya pakhoma.

"Nanga azakhali amamwa chiyani madzulo?"

"A kuthamanga kwa magazi."

"Agogo enawa?"

Mtsikanayo anayamba kuyankha, kenaka anagwira pakamwa. Agogowo ankamwa mankhwala owathandiza kugona.

Tinapita limodzi kwa mayi woyang'anira. Ndinali nditakonzekera mkangano, koma sanakane kanthu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anapita okha kukaona mabediwo, n'kubwera atagwira lamya m'manja. Adokotala anafika panjinga yamoto dzuwa litapendeka. Anapeza kuti magazi a azakhali akuthamanga kwambiri, pamene a agogo aja anatsika kuposa muyeso. Anati zikanapitirira, wina akanagwa kapena kufa ziwalo. Nthawi yonseyi ndinkafunsa za makoma ndi mbaula, koma za kapu ya mankhwala ayi.

Loweruka linalo ndinapeza manambala a pa timakapu atafufutidwa, palembedwa mayina. Popeza okalamba ambiri sankatha kuwerenga, pa kapu iliyonse anamangirirapo kansalu kodula ku chitenje cha mwini wake, kuti nayenso azidziwa yake. Wopereka mankhwala ankayamba wafunsa munthu dzina, ndipo wa m'mawa pochoka ankayenda ndi wa madzulo chipinda ndi chipinda, kumuuza zimene zasintha. Ndinakhala mpaka nthawi ya mankhwala kuti ndione ndi maso anga. Agogo a ku Chongoni anatembenuza kapu yawo, anaona kansalu kobiriwira, ndiye n'kumwa.

Mayi woyang'anira anafuna kuti aliyense abwerere pabedi lake lakale. Azakhali, amene tsopano maso anali atayera, anakana kwamtuwagalu.

"Anzangawa mukufuna chifuwa chiwaphe? Konzani zenera, apo ayi ndisiyeni pomwepa."

Zeneralo analimata, koma iwo sanachokepo.

Wantchito wa madzulo uja anabwera ndili pomwepo. Anali mayi wa ana awiri, wa mudzi wapafupi. Anagwada pafupi ndi mpando wa azakhali, misozi ili m'maso, n'kupepesa. Ine mtima unali udakali m'mwamba, ndipo ndinkafuna kumuuza mawu angapo. Azakhali ananditsogola.

"Dzuka, mwana wanga, simentiyo ikuzizira. Tinalakwa ndife, tinasamuka osauza eni nyumba." Kenaka anamukodola kuti ayandikire. "Koma mapiritsi a anzangawa ndi okoma. Chibadwire sindinagonepo tulo totere. Akatsalako uzindiganizira."

Mayiyo anaseka misozi ikutsika, ndipo anawauza kuti zimenezo sizidzachitikanso.