Ngalande ya mumsewu wathu

Titasamukira ku Chimwemwe, tinapeza mumsewu wathu muli lamulo limodzi: Loweruka lililonse, sikisi koloko m'mawa, aliyense azifukula ngalande ya pakhomo pake. Mkulu wa mpingo wathu, yemwe ankakhala pakona, ankamenya chitsulo, tonse n'kutulukira pamodzi ndi mafosholo. Panalibe mpata woyamba wasuzumira ngati mnzako watuluka. Ukachedwa, maso onse ankakhala pachitseko chako.

Kenaka kumgodi anasintha mashifiti. Amuna anga ndi anzawo ambiri anayamba kugwira ntchito Loweruka. Mkulu uja anati palibe vuto, aliyense azifukula tsiku limene wapeza mpata. Tinavomera tonse, poti ntchito inali yomweyo, anthu omwewo.

Sabata yachitatu, mayi wa nyumba ya kumtunda kwathu, wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, sanafukule. Ine ndinali nditafukula Lachiwiri, koma pofika Lachinayi mapulasitiki ndi madzi ake otsukira mbale zinali zitadzaza kwanga. Ndinafukulanso. Sabata yotsatira ndinayamba ndayang'ana kwake. Kunali kosafukula, mwini wake ali phee pampando akulukitsa tsitsi. Ndinabweza fosholo kuseri kwa chitseko.

Mnansi wathu wakumunsi, bambo wogwira ntchito mu ofesi m'tauni, anandiona. Naye analeka kufukula. Zinatsika choncho, khomo ndi khomo, aliyense akuonera woyandikana naye. Panalibe amene anakangana ndi mnzake.

Mu Okutobala mkulu uja anamenyanso chitsulo. Tinatuluka anthu atatu, tinayang'ana zitseko zotseka, n'kubwerera. Madzulo ake mkuluyo anafika pakhomo panga, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ndimayesa inu ndiye simungaleke."

Ndinawauza kuti ndikudikira akumtunda ayambe. Anati nyumba iliyonse yawayankha zomwezo, ndipo wakumtunda kwenikweni wanena kuti akudikira akumunsi.

Mvula yoyamba inagwa pang'ono chabe, koma madzi sanapite. Anaima m'ngalande mpaka kubiriwira, kenaka anakwera n'kusakanikirana ndi a m'chimbudzi china chimene chinasefukira. Fungo linkatipeza tili pakudya. Lachisanu ndinaona mayi wa salaula uja atabereka mwana wake wamkulu ndithu, wa giredi folo, akuthamangira ku kiliniki, miyendo ya mwanayo ikulendewera. Anthu ankanong'onezana kuti watsegula m'mimba kuyambira dzulo lake, madzi okhaokha.

Ndinaitana ana anga kuti alowe m'nyumba, n'kutereka madzi akumwa pambaula. Cha ku Garneton kumwamba kunali kutada kale.