Majini a m'matumbo a Esinati

Lachiwiri ndinakalipira dokotala. Inde, ine amene ndikayankhula pamsika wa Ndirande a ku Chitawira amamva.

Mwana wanga Esinati wakhala akutsegula m'mimba mwa magazi kwa nthawi yaitali. Waonda, chitenje chikuchita kutsala. Kuchipatala anamulowetsa kapaipi koonera m'kati, natapako kanyama ka m'matumbo kukayeza. Lachiwirilo tinapita kukamva zotsatira.

"Si kolera, bambo, si kamwazi," anatero dokotala. "Matumbo akutupa okha. Nkhaniyi ikukhudza majini."

Ndinadzuka pampando. "Majini? Kwathu kulibe majini! Mwanayu ndi wa kwaya!"

Dokotala sanaseke. Anandikhazika pansi, nkundiuza kuti sakunena mizimu ija imagwetsa anthu. Akuti m'kati mwa matumbo muli kachikopa kopyapyala kopangidwa ndi timaselo, ndipo kaselo kalikonse kali ndi malangizo amene timabadwa nawo. Malangizowo ndiwo majini a Chingerezi. Mwa Esinati, majini oitana nkhondo ayaka osazima, oteteza kachikopako afooka.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinamva. Zili ngati anyamata a neba wotchi akumenya mwini nyumba. Mapiritsi amene anamupatsa akuti sachiza, amangoziziritsa. Ukasiya, zimabuka.

Koma liwu lija ndinalikuwa, ndipo pakhonde panali anthu. Linafika ku Ndirande minibasi yathu isanafike.

Che Yusufu, telala woyandikana nafe, abwera mwachifundo kudzati akudziwa shehe wabwino. Apongozi ake a Esinati akuti apita naye kuphiri kwa mneneri, ndipo mneneriyo amayamba wauza odwala kuti ataye mapiritsi. Ndafotokoza mpaka mawu kusasa. Onse yankho ndi limodzi: "Nanga si adokotala omwe anena kuti majini?"

Inu ophunzira, tandimverani. Mumangotola liwu la Chingerezi, nkumata "ma" kutsogolo, basi mwamasulira. Munafunsa ngati liwulo lilibe mwini wake kuno? Ndi angati ku Bangwe, ku Machinjiri, amene anatuluka m'chipatala atamva zimene ndinamva ine, osakalipa, osafunsa, nkungokwera phiri mwakachetechete?

Dzulo nditapita kwa Esinati ndinapeza mapiritsi ake pawindo, osakhudzidwa.

"Bwanji iwe?"

"Ababa, apongozi akuti ndiyambe kuzolowera kukhala osamwa. Tinyamuka Lamulungu."

Ndinaima pomwepo mpaka anameza. Lero ndapitanso, wameza. Koma mwanayu ali pabanja, ine ndine mlendo pakhomo pake, ndipo miyendo yangayi phiri siingakwere.

Lamulungu, kumwamba kuja, adzamuimirira ndani kuti ameze?