Mafuwa Amene Ndinatola ku Madzi Otentha

Inu owerenga, tsoka langa linalowera pa mafuwa, chinthu chimene mayi aliyense amati amachidziwa. Kwathu ndi ku Dedza, ndinakwatiwa ku Chiweta, ndipo ndimakazinga mandasi ogulitsa m'mbali mwa msewu waukulu.

Kufupi ndi kumene timakhala kuli madzi otentha otumphuka pansi. Madziwo amatuluka ndi laimu, ndiye akamayenderera amamusiya pang'onopang'ono mpaka amauma n'kukhala mwala woyererako, wa timabowo ngati zisa za njuchi. Asukulu amautcha travatini, ndipo akuti kwina amakongoletsera makoma ndi pansi pa nyumba. Ine zokongoletsa ndinalibe nazo ntchito. Ndinangoona miyala yafulati, yopepuka kusenza, n'kutola itatu ili chinyowere. Anzanga onse amaphikira pa miyala yakuda, koma ine ndinkati sadziwa kusankha.

M'mawa mwake mlamu wanga NyaMhango, mlongo wa amuna anga, anabwera kudzandithandiza. Moto utayaka bwino, fuwa limodzi linayamba kulira ngati nkhuni yaiwisi, likutulutsa nthunzi. Ndinalimva ndithu. Koma mafuta anali atatentha, basi ya anthu ogula mandasi ili pafupi kufika, ndiye ndinasonkhezera moto. Mlamu anawerama kuti atembenuze mandasi, fuwa lija n'kuphulika. Chiwaya chinapendekeka, moto n'kulilima, koma iye sanathawe. Anangokhala pansi atagwira kumaso, magazi akudutsa m'zala.

"Mulamu, jiso lane," anatero m'Chitumbuka motsitsa mawu, kunena diso lake.

Ndinaimitsa galimoto yodutsa pamsewu. Njira yonse ya kuchipatala ankafuna kutikita disolo, ine nditamugwira manja onse awiri, ndikumunamiza kuti ndi phulusa chabe. Adokotala anachotsa m'diso lamanzere kachidutswa kochepa ngati njere ya mapira. Anati madzi otsekeredwa m'timabowo akawira amasowa potulukira, ndiye amang'amba mwala. Tinadikira tsiku lomasula bandeji, amuna anga osandiyankhula, ine chakudya osalowa. Adokotala atamasula, anamutseka mlamu diso labwinolo n'kumufunsa chimene akuona. Anati mdima wokhawokha.

Amayi anzanga, mwala wa timabowo kapena wotola m'madzi musauike pamoto, ukongole chotani. Fuwa likayamba kulira, phulani ndipo muchoke, basi ipite. Mlamu sanandikalipirepo, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Amabwerabe kudzandithandiza. Tikamayenda pamsewu ndimakhala kumanzere kwake, kuti ndizimuonera magalimoto.