Mgwafa wa Kuseri kwa Bafa

Ndikangoti agogo aamuna, mphuno yanga imathamanga, imakafika ku Kalingalinga, komboni yathu ya ku Lusaka, ine ndisananyamuke! Fungo la utuchi wa mukwa, guluu akuwira m'kachitini pa mbaula, sowo ikulira kwee, kwee, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikuwola tizidutswa ta matabwa kuti amayi akolezere moto. Anali masiku, anthuni, anali masiku!

Agogo, a Phiri, anali kalipentala wochokera ku Malawi. Anabwera wapansi ali mnyamata, ati kudzagwira ntchito chaka chimodzi chokha. Chaka chimodzicho chinabala amayi anga, amayi anabala ine Esinati, koma agogo ankangoti, "Dzinja likatha ndikupita kwathu." Pansi pa bedi panali bokosi lawo la ulendo, lokhoma okha, losalala ngati tsaya la khanda, loko wake ngati chibakera. Palibe anaonapo m'kati mwake.

Ndipo anali ndi lamulo lawo: "Mlendo sabzala mtengo." Kwa anzathu mango, kwa anzathu mapapaya, kwathu bwalo mbee ngati chikhatho! Ankati, "Tsiku ndidzaone mtengo pakhomo pano, ndidzadziwa kuti ndachedwa. Ndidzanyamula bokosi tsiku lomwelo." Ine atate sindinawadziwe. Atate anga anali agogowo, ndiye mawu amenewa ankandiopsa koopsa.

Tsono dzinja lina, ndikukataya madzi kuseri kwa bafa yathu yamasaka, maso anga gwa! pa kanthu kobiriwira, masamba anayi okha. Ndinatikita limodzi, kununkhiza. Mayo ine, gwafa! Sindinaubzale, Mulungu ndi mboni. Kaya inali mbalame, kaya mwana wina anadya magwafa n'kukhala pamenepo, musandifunse. Mtima wina unati zula, agogo angachoke. Mtima wina, wadyera uja, unati magwafa akoako, osapempha kwa munthu! Wadyera unapambana. Ndinatenga ndowa yobooka pansi n'kuvundikira.

Koma mtengo subisika, abale! Madzi osamba tsiku ndi tsiku, mgwafa uja kukula, kukula, mpaka mutu tulu pamwamba pa ndowa. Loweruka lina masana ndinangomva sowo yasiya kulira. Zii.

"Esinati! Bwera kuno."

Ndinawapeza ataima kuseri kuja, pensulo ili kukhutu, akuyang'ana pansi.

"Wabzala ndani?"

"Palibe, agogo. Wamera wokha."

"Nanga ndowayi yameranso yokha?"

Amayi anafika akupukuta manja pachitenje. "Atate, ni kamtengo chabe aka, lekani nizule manje manje!"

"Usaukhudze."

Agogo analowa m'nyumba. Tinamva chinthu chikukwekwerezeka pansi, khwee, khwee. Kutuluka, bokosi lili paphewa! Ine kukuwa, kudzigwetsa m'fumbi, kugwira mwendo wawo. Bana Mulenga, a nyumba yoyandikana nafe, anasuzumira pampanda mpango uli pambali. "Imwe ba Phiri, nichani? Muyenda ku Malawi na kabudula ya nchito? Olo nsapato mulibe!"

Agogo anatula bokosi pafupi ndi mgwafa, anachotsa kiyi m'khosi, loko uja kwatu! Tonse makosi tasolola. Ine ndinkayesa muli masuti, muli nsapato zonyezimira. Munali bulangete limodzi lokha, anthuni, limodzi! Atalinyamula linangoyoyoka, njenjete zitadya kalekale.

"Ndinagulira mayi anga chaka chomwe ndinafika," anatero. "Anamwalira iwe usanabadwe." Ankauza amayi anga, osati ine. "Kalata inabwera. Sindinauze munthu."

Amayi anakhala pansi pomwepo, m'matope a bafa, dzanja pakamwa. Zaka zonsezo ankapatsira moni agogo awo kudzera kwa aliyense wopita ku Malawi!

Tisanapume, agogo anatenga hamala. Pha! Pha! Bokosi lija, bokosi lomwe ndinakwapulidwapo chifukwa chongolikhalira, matabwa ali mbwee! Bana Mulenga anagwira kumutu. "Mayo! Ba Phiri bafunta, mutu wazungulira! Mukwa wabwino so?"

"Ndipatse misomali, Esinati. Usangoti kukamwa yasa ngati mwana wa mbalame."

Ndinawapatsa. Anasongola matabwa aja, anawakhomera pansi kuzungulira mgwafa, kampanda kokongola koletsa abakha a Bana Mulenga. Atatha anapukuta thukuta n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu sanaitanidwe," anatero. "Wangofika, wapeza madzi a eni ake, wamera. Ndimuthamangitse ndine yani?"

"Ndiye simupita, agogo?"

"Ndinyamulira m'chiyani? Bokosi suli kuliona?"

Ine kulira kunasanduka kuseka, kuseka kunasanduka kuvina, mamina ali chuu, fumbi lili kobo! Bana Mulenga anati, "Banja iyi yonse niyofunta," koma nawonso ankapukuta m'maso.

Agogo anadya magwafa a mtengowo zaka zisanu ndi chimodzi, ndi mano awo atatu, akudandaula kuti njere zikulowa m'chiseyeye. Anagona konkuno ku Lusaka, ndipo mawu aja akuti dzinja likatha sindinawamvenso.

Lero bafa yamasaka kulibe, pali nyumba ya mabuloko, koma omanga ndinawauza kuti khoma likhote, mtengo usakhote. Ulipo, wakalamba ngati mwini wake, ukubalabe! Thabwa limodzi la bokosi lija ndimasunga pansi pa bedi. Ndipo adzukulu anga akamasesa, akapeza kanthu kamera pokhapokha, amadziwa kale: tsache pansi, thamanga ukaitane agogo. Ndimafika, ndimawerama ndi msana wangawu, ndimakafunsa, "Mwachokera kuti, alendo? Khalani, madzi alipo!"