Pikapu Yokatengera Amayi ku Dowa

Galimoto yanga inayamba kulira mwezi wa Juni, nthawi imene ku Mzuzu kumazizira mpaka mano kuguguda. Inali pikapu yakalekale ya zitseko zinayi, yokoka ndi matayala onse, imene ndinagula kwa mnzanga wa ku ofesi atapuma pantchito. Ndikangoiliza m'mawa inkati tswiii, kulira kobaya m'makutu, mpaka agalu a ku Msongwe konse, kumene timakhala, ankayankhira. Mkazi wanga ankaseka. "Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Yanuyi yamvera malangizo."

Ine sindikonda kusekedwa, ndipo magalaja sindigwirizana nawo. Dalaivala wina wa minibasi anandiuza kuti ndi lamba wa injini chabe, ndizingopaka sopo. Ndinadula kachidutswa ka sopo wochapira, n'kukhudzitsa pa lamba injini ikuzungulira, phokoso lija zii! Ndinadziona ngati katswiri. M'mawa uliwonse ndinkatsegula boneti nditavala kale tayi, kupaka sopo, kupukuta zala, ulendo wa kuntchito. Ndinachita zimenezi masabata asanu.

Kenako mlongo wanga anaimba foni kuchokera kwathu ku Dowa. Amayi anali atagwa pakhomo, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanzere zinasiya kugwira ntchito, pakamwa n'kupotoka. Kuchipatala anali atawatulutsa, koma mlongo wangayo, ndi ana anayi komanso munda, sakanatha kuwanyamula yekha tsiku ndi tsiku. Tinagwirizana kuti Loweruka ndikawatenge adzakhale nafe. Pa basi sakanatha kukhala, ndipo kumudzi kwathu galimoto yaing'ono sifika. Inatsala pikapu yangayo basi.

Tsiku limenelo mkazi wanga sanaseke. "Amayi musawadutsitse ku Chikangawa ndi sopo," anatero. "Ikakafera m'nkhalango muja, mudzawabereka kumsana?"

Lachitatu ndinapita ku Chibanja, kwa makaniko wina amene amapemphera tchalitchi chimodzi ndi mkazi wanga. Anali bambo wamfupi wa imvi, wosafulumira pa chilichonse, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Ndinafika ndi yankho kale. "Ndi lamba chabe, mungosintha."

Iye anamvetsera injini, imene inali phee ngati mwana wabwino. Atandiuza kuti ndizimitse, anapaka chala pa lamba n'kununkhiza.

"Adada, mukuchapiramo zovala mu injini umu?"

Mtima unandiwira. Ndinamuuza kuti sopoyo wandithandiza mwezi wathunthu.

"Wathandiza makutu anu, adada. Galimoto ikulira, imwe mwaitseka pakamwa, sono mukuti ine ndimve vichi?"

Anatsuka lamba ndi madzi ndi burashi, n'kundiuza kuti ndibwerere kunyumba, ndisapakenso kanthu, ndipo mawa ndisailize kufikira iye atabwera, chifukwa ankafuna kuimva ili yozizira. Ndinachoka ndikung'ung'udza. Ndinkati munthu uyu akufuna kukulitsa nkhani yaing'ono.

Kutacha anafika pa kabaza, chifunga chili tolo, atanyamula sikuludiraiva yaitali ngati mkono, masipanala ndi botolo la madzi.

"Mwawuka uli, adada? Lizani."

Inalira moti oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Iye anathira timadzi pa lamba, ndipo kulira kuja kunaduka.

"Mwaona! Si ndinanena kuti ndi lamba?"

Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Apo mpamene ndinamva phokoso lina pansi pake, laling'ono, lokhutuzika, ngati wina akusinja timiyala kutali. Anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa olutaneta yotchaja batire, chogwirira n'kuika pakhutu. Anapukusa mutu, n'kusunthira pa pampu ya madzi. Pamenepo anakhalitsa.

"Bwerani mumve nokha. Koma tayi yanuyo mulowetse m'shati, lamba angakukokeni."

Ndinaika khutu. Mkati mwa pampu munkamveka khokhokho, chitsulo kudya chinzake. Ndinachita manyazi.

Tinazimitsa injini, iye n'kuvula lamba n'kuyamba kuzunguliza timagudumu tonse ndi dzanja, kamodzikamodzi. Tina tonse tinkayenda mofewa. Ka pampu kanali kolimba, ndipo atakagwedeza kanachita gwedegwede. Anandionetsa mzere wa dzimbiri pansi pake pamene madzi ankadontha n'kuuma. Anandifotokozera kuti bering'i ya pampu, imene imathandiza gudumu kuzungulira mofewa, yatha, gudumu likulemera, ndiye lamba akutereka pamwamba pake n'kumalira. Sopo wanga ankangothandiza lambayo kutereka mwakachetechete.

"M'tauni muno mukanayenda nayo mwina mwezi," anatero. "Kweni pamtunda wautali, no, adada. Pampu ikagwira, lamba aduka, injini ipsa."

Pamenepo mpamene ndinamuuza za Loweruka ndi za amayi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukananena dzulo." Ndipo anali kunena zoona. Safunsa anadya phula, ndipo ine langa ndinali nditaliika kale pamlomo.

Lachinayi lonse anasiya ntchito zake n'kuzungulira m'mashopu kufunafuna pampu. Yochotsa ku galimoto ina anaikana, ati pampu yonyamula amayi a munthu sitiyesera mwayi. Lachisanu masana yatsopano inali italowa, ndi lamba watsopano. Anafinya mapaipi onse a radiyeta yoziziritsa injini, wina wofewa n'kumusintha, ndipo tinakwera ndi galimotoyo chitunda ndi kutsika kawiri, maso ake ali pa muvi wosonyeza kutentha kwa injini.

Ndikuti ndizinyamuka, anandiimitsa. "Pobwerako muike matumba awiri a chimanga kumbuyo. Pikapu yopanda katundu imadumpha chomene, odwala amamva kuwawa m'mabampu." Zimenezo sindinamufunse, ndipo si ntchito ya injini. Ndinangoti yewo, mawu okhawo a Chitumbuka amene ndimawatchula bwino, ndipo mawuwo anandichepera.

Tinapita Loweruka, n'kubwerera Lamulungu m'mawa. Amayi tinawagoneka pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya mkazi wanga, matumba a chimanga a mlongo wanga ali kumbuyo. Titadutsa Jenda n'kuyamba kukwera, chifunga chinatseka msewu. Mitengo yokhayokha mbali zonse, foni yopanda netiweki, ndipo panapita nthawi yaitali tisanakumane ndi galimoto ina. Ndinkayang'ana m'mbali mwa msewu n'kumaganiza kuti apa, kapena apo, mpamene tikanaima, amayi ali ndi bulangete limodzi m'chisanu chimenecho. Muvi uja sunasunthe.

Bambo wa ku Chibanja uja ndimamuthokoza mpaka lero, ndipo ndimanena poyera kuti ndinamulakwira pomuganizira zoipa. Amayi anakhala nafe chaka ndi miyezi inayi, masiku amene sindingawasinthe ndi chilichonse.

Mlongo wanga anali atandiuza kuti chigwereni amayi sankagona chifukwa cha ululu. Titaima pakhomo ku Msongwe ndinatsegula chitseko chakumbuyo, mkazi wanga n'kuika chala pamlomo. Ndinawanyamula pang'onopang'ono, opepuka ngati mwana. Anatsegula maso ndili nawo pakhonde, n'kundifunsa ndi pakamwa pawo popotoka paja:

"Mwanawe, tinyamuka nthawi yanji?"