Achemwali akupalira munda wopalira kale

Ndisanatule n'chikwama chomwe, amayi anandikokera kuseri kwa khitchini. Ndinali nditangotsika pa kabaza, matope a msewu wa ku Nzama adakali m'thalauza.

"Iwe wa m'tauni umadziwa zinthu. Mchemwali wakoyu mutu ukuyenda bwino? M'mawa uliwonse akumanyamula khasu, ati kukapalira munda wakumtunda. Munda woti tinamaliza kupalira sabata yatha."

Achemwali anga aakuluwa amuna awo anamwalira chaka chomwechi, nthawi yokolola. Iyi inali Khirisimasi yoyamba popanda alamu anga, munthu amene ankati akapha mbuzi n'kutsegula wailesi, ngakhale ogona ankadziwa kuti tsiku lafika.

Ine wa m'tauni wodziwa zinthune, ndiwauze chiyani amayi? Paja masiku ano malangizo ndi mbwee. Pa wailesi akuti nyengo ya zikondwerero musamusiye yekha munthu wosweka mtima. Pa foni akuti aliyense azipeza kanthawi kokhala payekha kuti mutu upume. Onsewa amayankhula motsimikiza. Nanga ife titsate ziti?

Ndipo kukhala pawekha kumene akunenako, anakuyesapo kumudzi pa Khirisimasi? Pakhomo pathu panali podzaza: azakhali a ku Blantyre, asuweni ochokera ku Joni, abale a tsidya la Mozambique, sipika ikulira kuyambira m'mawa. Ine ndinangokhala pang'ono kuseri kwa nyumba kuti makutu apume. Posakhalitsa wina anabwera ndi mankhwala a mutu, wina n'kufunsa amene wandilakwira. Kwathu munthu akakhala yekha ndiye kuti akudwala kapena wakwiya, palibenso china.

Achemwali ndiye anali pa ulonda weniweni. Akangokhala phee pakhonde, wina wafika kale. "Mwatani? Musamaganize kwambiri." Maso akangofiira, azakhali aja: "Lero n'tsiku lachisangalalo, misozi ayi." Zonsezi n'chikondi, sindikukana. Koma chikondi chake chinali ngati bulangete lofunditsa munthu masana dzuwa likuswa mtengo.

M'mawa wotsatira Khirisimasi ndinawaona achemwali akutuluka, khasu paphewa. Ndinene zoona, ndinachita mantha. Tonse tamvapo za anthu amene anachoka pakhomo mwakachetechete osabwereranso. Ndinawatsatira chapatali.

Ndinawapeza atakhala pamzere pakati pa chimanga, khasu lili poteropo, akulira. Osati kulira kwa pamaliro kuja, ayi. Kulira kwapansipansi, kosafuna womvera. Atandiona anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Achimwene, akutumani amayi?"

"Ayi, ndimangodutsa." Kudutsa m'munda wa chimanga, nditavala nsapato za kutchalitchi.

Anaseka pang'ono, kenako anati: "Kunyumba ndikangogwetsa msozi umodzi, anthu aunjikana kudzanditonthoza. Mapeto ake ndine ndimayamba kuwatonthoza iwowo kuti asadandaule. Ndikatseka chitseko, ati ndakwiya. Koma munthu wonyamula khasu safunsidwa. Amangoti mupalire bwino."

Ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene ndinkaliopa. "Achemwali, simukuganiza zodzichotsera moyo?"

Anayankha kuti: "Ayi. Koma mwachita bwino kufunsa, ena onse amangondizungulira. Ine ndikungofuna kumulira mwamuna wanga popanda wondiuza kuti basi kwakwana. Chonde musakanene. Amayi akadziwa, mawa m'munda muno mudzadza anthu."

Pobwerera ndinkangodzifunsa: ndi angati akuchita zomwezi? Amayi aja opita kumjigo zidebe zili zodzaza. Abambo aja opalasa njinga mpaka pa Lizulu n'kubwerako opanda ngakhale mulu wa kachewere. Timati ndi akhama, kapena oyendayenda. Mwina n'kutheka kuti akungosaka malo opumira. Zatheka bwanji kuti pakhomo podzaza abale okukonda, malo olirirapo akhale kumunda?

Komatu musandimve molakwa. Sindikuti tiziwasiya anthu. Alipo amene amanyamula khasu lomwelo ali pamavuto oti akufunika kuchipatala kapena munthu wodziwa kuthandiza a nkhawa, ndipo kuwasiya n'kuwataya. Vuto ndi loti ukamawaona kumbuyo akupita, onse amayenda mofanana. Ungasiyanitse bwanji wofuna mpata ndi wofuna thandizo? Ine sindikudziwa. Chimene ndinaona n'chakuti funso limodzi lolunjika linandiuza zambiri kuposa "musamaganize" yense wa sabata yathunthu. Koma ngakhale yankho lawolo, ndikhulupirire mpaka pati? Paja ife timati "ndili bwino" ngakhale tili pa bedi la m'chipatala.

Nditafika pakhomo ndinapeza amayi akudikira pa mpanda, manja ali m'chiuno.

"Wamupeza? Akutani kumeneko?"

Ndinawayang'ana amayi, nkhope yawo itafota ndi nkhawa ya mwana wawo. Iwonso tulo sakugona, ndikudziwa. Ndikanena zoona, mtima wawo ukhala pansi, koma achemwali ataya malo okhawo amene awatsalira. Ndikabisa, amayi apitiriza kuganiza kuti mwana wawo wazungulira mutu.

"Akupalira, amayi," ndinatero. "Kumapeto kuja udzu wameranso."

Ndabwerera kuno ku tauni, ndipo ndikumawaimbira achemwali madzulo aliwonse, ngakhale nthawi zina timangokamba za mvula. Koma mtima sunakhazikike. Inu owerenga, amene mwina muli ndi wanu wonyamula khasu pakhomo panu, tandiuzani: pamenepaja achemwali anga ndinawateteza, kapena ndinawasiya okha?