Batire la m'chikwama cha Ghana

Pali chinthu chimene ndakhala ndikuchibisa chaka chathunthu, ngakhale kwa achimwene anga: dzino langa lakutsogololi analigulula ndi amuna anga, inde, koma wolakwa ndinali ine.

Amuna anga amaperekera anthu zakudya panjinga yamoto ku Boksburg. Lamlungu amachotsa bokosi la zakudya lakumbuyo kuti ine ndikhalepo. Lamulo lawo linali limodzi: pakeliyala pasamangidwe cholemera. Ankati katundu akalemera kumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka, ndipo liwiro likakwera njinga imachita misala. Ine, ndi satifiketi yanga ya ku koleji, ndinkangoti ndi zokamba za amuna.

M'nyumba mwathu timatumiza katundu kumudzi mosinthana, ulendo uno kuchimuna, winawo kwathu. Ulendo umenewo unali wa kwawo. Koma amayi anga anali atadandaula pafoni kuti batire la sola linafa, akugona mumdima. Ndiye amuna anga ali kosamba, ndinalowetsa batire ndi zigubu ziwiri za mafuta ophikira pansi pa zovala m'chikwama cha Ghana, n'kuchimanga ndekha pakeliyala. Mwana ndinamusiya kwa mayi woyandikana nafe ku Makause, kumene timakhala.

"Muli chiyani umu?" amuna anga anafunsa.

"Zovala basi."

Titanyamuka anaseka. "Amake mwana, Joni yakukondanitu. Mwanenepa, njinga ikulira."

Tinkapita ku Daveyton, kumene loli ya ku Malawi imapakira. Titalowa mumsewu waukulu anawonjezera moto kuti apitirire thiraki. Tayala linagunda pamene anamata phula, ndipo mahandulo anayamba kunjenjemera. Kenako anayamba kumenya uku ndi uku, phwa phwa phwa, mpaka mapazi anga anachoka popondera. Njinga yonse inkapindika pansi panga. Matayala a thiraki anali pafupi moti ndinkamva kutentha kwake.

Ndinakuwa kuti, "Buleki! Gwirani buleki!" Ndinawagwira m'mapewa n'kuwakokera kumbuyo ndi mphamvu zanga zonse, ndikuona nkhope ya mwana wanga.

"Ndisiyeni!"

Sindinawasiye. Chigongono chawo chinabwera kamodzi, pansi pa galasi la helemeti limene ndinali nditatsegula. Ndinamva dzino likuthyoka. Manja anga anamasuka okha. Iwo anagona pathanki, nafewetsa mikono, nachepetsa moto pang'onopang'ono, osakhudza buleki. Kumenya kuja kunazilala, kenako kunatha. Anadzandiuza pambuyo pake kuti akanagwira buleki yakutsogolo, kapena kulimbana ndi mahandulo, bwenzi atatitola ndi fosholo.

Titaima m'mbali, anamasula chikwama kuti aone chavuta n'chiyani. Chinawakoka dzanja mpaka pansi. Anandiyang'ana. Anasuzumira m'chikwamamo naona batire. Anachiika pathanki, pakati pa miyendo yawo, tinapitiriza ngati tikuperekeza maliro.

Pamalo opakira katundu tinapeza achimwene anga, omwe ndi mlonda, atabweretsa katundu wawo. Anaona magazi pabulauzi yanga, mlomo utatupa ngati buma.

"Wakumenya ndi ameneyu?"

M'kamwa munali modzaza magazi. Ndinavomera ndi mutu. Sikunali kunama.

"Alamu, dikirani kaye..." Amuna anga sanamalize. Chibakera choyamba chinawagwetsera pamatumba a anthu. Achimwene anatola sipanala ya loli. Amuna anga anatchinga kumutu ndi dzanja lamanja, lomwe lija la moto ndi buleki, ndipo ndinamva zala zikulira ngati nkhuni zouma. Amayi ena ankakuwa kuti, "Mpatseni, azolowera amenewa!" Ine ndinaima nditatseka pakamwa ndi chitenje. Ndikanalavula magazi aja n'kunena. Koma kufotokoza chigongono kukanafika pa mahandulo, mahandulo pa chikwama, pamaso pa anthu onse aja akwathu.

Chikwama chinakwera loli. Batire linafika kwathu, ndipo amayi anga akuyatsa getsi.

Amuna anga anakhala miyezi iwiri osakwera njinga. Zala ziwiri sizipindika bwino mpaka lero. M'mawa kukazizira ndimawaona akuzipinda ndi dzanja linalo asanatuluke, ndipo mtima wanga sukhala pansi mpaka ndimve njinga ikubwera. Sanauzepo munthu za batire lija. Kutchalitchi amawaloza kuti ndi uja womenya mkazi, ndipo achimwene sawapatsa moni.

Ndimadziuza kuti ndinakhala chete kuti achimwene asadziwe kuti anapundula munthu wosalakwa, kuti mwana wanga asakule akumva kuti mayi ake anatsala pang'ono kumusandutsa wamasiye chifukwa cha batire. Inu amene mwawerenga, ndiuzeni: ndinachita bwino?